Usiku Wachitatu M'chigwembe

Tinatsika ku Hobas titagwira unyolo,
mawondo akunjenjemera ngati a kambuzi kobadwa kumene.
Ansgar patsogolo, ine pambuyo,
pakati pathu mamita khumi
ndi zaka zinayi zosayankhulana.

Pafomu, dokotala analemba kuti mitima yathu ili bwino.
Dokotalayo satidziwa.

Kuno kulibe mthunzi wobwereka.
Matanthwe aima uku ndi uku, psuu ngati chiwindi,
ndipo mtsinje umene pamapu ndi wabuluu bwinobwino
ndi zithaphwi chabe,
china apa, china kuseri kwa chigulu cha miyala,
zobiriwira ndi ndere.
Timatunga, timaponyamo kapiritsi, timadikira theka la ola
milomo ikung'aluka.

Tsiku loyamba anati: "Madzi."
Tsiku lachiwiri anati: "Chinkhanira. Kutumula nsapato."
Ndinawawerenga mawuwo, anayi,
n'kuwapinda ngati ndalama ya paulendo.

Pa kasupe wotentha, pomwe pamera akanjedza
ndi fungo la dzira lovunda,
anyani anatibera shuga.
Mkulu wawo anakhala pamwala, paketi m'manja,
akunyambita chala, akutiyang'ana
ngati ndife tinalowa osaodira.
Mwina sanalakwe.

Lero masana soli ya nsapato ya Ansgar inayasama
n'kuyamba kumeza mchenga, phwa, phwa, phwa,
mwini wake duu, akungokoka mwendo,
mpaka ndinaona magazi pa sokosi.
Khala pansi, ndinatero
ndi mawu anga a m'wodi ku Keetmanshoop,
amene ngakhale zidakwa za Loweruka zimawamvera.
Anakhala.
Ndinatsuka chidendene, matuza atatu ophulika,
phazi ndinalikulunga bandeji,
nsapato ndinaimanga ndi pulasitala yense wotsala.
Phazi lake ndi la mayi:
chala chachiwiri kutalika kuposa chachikulu.
Sindinamuuze.

Tsopano kwada.
Tenti tinaisiya m'galimoto, inkalemera.
Tagona pamchenga m'matumba athu ngati mphutsi ziwiri,
kuzizira kwatsika m'matanthwe kudzatisecha m'mafupa.
Thambo ndi kanjira kopapatiza pakati pa makoma awiri
koma nyenyezi zathithikanamo, waliwali,
zoyandikira mopanda ulemu.
Kasitovu ka gasi kakunong'ona.
Kwinakwake chinkhoma chagwetsa kamwala
ndipo chigwembe chonse chabwereza nkhaniyo katatu.

"Mbuzi zija," akutero mumdima,
"ndinagulitsa kuti ndilipire bokosi la mayi.
Sunandifunse."

Zii.
Ketulo yayamba kuyimba.

Zaka zinayi ndasenza pamtima mbuzi makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri.
Ndinkazidziwa iliyonse, yamathothomathotho, yothyoka nyanga,
ija inkadya zovala pachingwe.
Ndinkati zinathera m'mabotolo ku Berseba.
Ndikufuna kuyankha koma lilime lauma gwa,
ndiye ndikungothira tiyi m'makapu awiri,
wopanda shuga, wowawa,
n'kumupatsa iye kapu yokhala ndi chogwirira.

"Anyani aja," ndikutero.

Akuseka.
Chifuwa chake chinaiwala kasekedwe, chikutsokomola kaye,
kenako makoma akutibwezera kusekako
kutakula, ngati tilipo ambiri,
ngati wina wachitatu wakhala nafe pamchenga
atafunda shawelo yake ya kutchalitchi.

Mawa kuli makilomita makumi awiri
a miyala yogubuduka ndi mchenga wotitimira.
Pulasitala watha.
Ai-Ais akadali kuseri kwa makhotakhota osawerengeka
ndipo sindikudziwa ngati nsapatoyo ikafike.
Ndatchera wotchi kuti tidzuke kusanache.
Iye wagona kale, kukamwa yasa,
nsapato yomangamanga ija waitsamira
kuopa ankhandwe.